DVD ikuyaka koma chithunzi chikuvuta pa TV yakale? Yesani izi musanapite kwa mmisiri

Mawu akumveka bwinobwino, koma pagalasi pali mdima bii. Kapena chithunzi chabwera, koma mitundu palibe, anthu onse atuwa. Kapenanso chikungothamangira m'mwamba osakhazikika mpaka maso kuwawa. Mavuto amenewa amasowetsa anthu mtendere akalumikiza DVD ku ma TV akale aja a msana waukulu, ndipo ambiri amafulumira kugamula kuti TV yapsa. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu atamangirira TV pa kabaza kuchokera ku Malindi kapena ku Chimwala, ikugwedezeka njira yonse mpaka pa boma la Mangochi, chonsecho vuto ndi pulagi imodzi imene yalowa pabowo losayenera. Ma TV amenewa ndi olimba. Kawirikawiri cholakwika chimakhala pa chingwe, pabowo, kapena pa katcheredwe ka DVD, ndipo zonsezi mutha kukonza nokha pakhomo.

Chachikulu n'chakuti muzisintha chinthu chimodzi, muone chimene chachitika, kenako mupite pa china. Mukasintha chingwe, bowo ndi chimbale nthawi imodzi, ngakhale chithunzi chibwere simudziwa chimene chinavuta, ndipo mawa mudzayambiranso.

## Zofunika kukhala nazo pafupi

- Chingwe cha mapulagi atatu mbali iliyonse: yachikasu, yofiira ndi yoyera. Ngati n'kotheka bwerekaninso china kwa anzanu, chimene mukudziwa kuti chikugwira ntchito.
- Rimoti ya DVD ndi ya TV, zonse zili ndi mabatire amoyo. Kuti mudziwe ngati rimoti ikugwira, ilozetseni ku kamera ya foni n'kudina batani. Mafoni ambiri amaonetsa kakuwala kothwanima pamphuno pa rimotiyo.
- Zimbale ziwiri zosakandika.
- Tochi, chifukwa kumbuyo kwa TV kumakhala mdima ndipo zilembo zake ndi zazing'ono.
- Spiriti pang'ono, thonje ndi kansalu kofewa kouma.

## 1. Zimitsani pakhoma, muwerenge zakumbuyo

Musalowetse kapena kuzula chingwe zipangizo zikuyaka. Ma TV ena akale amagwira dzanja mukakhudza chitsulo cha pulagi, ndipo kamoto kameneko kangathe kuwononga DVD. Zimitsani zonse pa soketi.

Muli pomwepo, unikani zolembedwa kumbuyo kwa DVD. Magetsi a ESCOM ndi a 230V. Ngati palembedwa 220-240V kapena 100-240V, palibe vuto, ndipo zimene abale amabwera nazo kuchokera ku Joni zimakhala zoterozo. Koma ngati palembedwa 120V yokha, monga za ku America, kapena 100V, monga za ku Japan, musaiyatse popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu. Ipsa nthawi yomweyo.

## 2. Yesani TV payokha

Musanaimbe mlandu chilichonse, yatsani TV yokha n'kudina MENU kapena batani lokweza mawu. Ngati zilembo ndi timizere tosonyeza mawu zikuoneka bwino, zili ndi mitundu yake ndipo sizikugwedera, galasi la TV yanu lili moyo. Vuto lili kunja kwake. Ngati muli ndi dikoda ndipo ikuonetsa bwino pa TV yomweyo, ndiye umboni wakwana.

Onaninso pa Colour mu menu momwemo. Ana amakonda kusewera ndi rimoti, ndipo akatsitsa Colour mpaka pa 0 chilichonse chimaoneka chakuda ndi choyera. Ikwezeni ifike pakatikati.

## 3. Pulagi yachikasu ilowe pabowo lake lenileni

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, choncho musathamange. Chithunzi chonse chimadutsa mu pulagi yachikasu yokha. Yofiira ndi yoyera ndi za mawu basi. Ndiye ngati mawu akumveka koma chithunzi palibe, zofiira ndi zoyera zisiyeni, maso anu akhale pa yachikasu.

Yambani kumbuyo kwa DVD. Funani bowo lachikasu lolembedwa VIDEO OUT, VIDEO kapena CVBS. Pafupi nalo pamakhala mabowo ena ofanana nalo kukula kwake, ndipo pulagi imalowa bwinobwino pena paliponse popanda kukana.

Pali mabowo atatu oyandikana, lobiriwira, labuluu ndi lofiira, olembedwa Y, Pb ndi Pr, kapena Y, Cb ndi Cr. Amenewa ndi a chingwe cha mtundu wina chimene ma TV akale ambiri salandira. Mukalowetsa pulagi yachikasu pabowo lobiriwira, chithunzi chimabwera chooneka bwino ndithu koma chopanda mitundu, chifukwa bowo limenelo limanyamula kuwala kokha. Mumdima, komanso pulasitiki ikasuluka ndi kukalamba, lobiriwira ndi lachikasu amasokoneza maso. N'chifukwa chake ndati mukhale ndi tochi. Werengani zilembo, musadalire mtundu wokha.

Bowo lofiira la Pr nalonso limanamiza. Wina amalowetsamo pulagi yofiira ya mawu, sipika n'kuyamba kulira kuti nzzz. Bowo lofiira la mawu limakhala pambali pa loyera, olembedwa R ndi L, kapena FR ndi FL pa ma DVD a mabowo ambiri. Palinso lina lolembedwa COAXIAL, lomwe limakhala lakuda kapena looneka ngati lalanje. Limenelo ndi la mawu opita ku ampulifaya. Mukaikapo yachikasu simuona kanthu.

Tsopano kumbuyo kwa TV. Ma TV ambiri ali ndi mizere iwiri ya mabowo, wina wolembedwa IN, wina OUT kapena MONITOR OUT. Inu mukufuna IN. Mapulagi onse atatu alowe pamzere umodzi. Yachikasu ikakhala pamzere wolembedwa AV1 koma zamawu zili pa wina wolembedwa AV2, mudzapeza chithunzi chopanda mawu kapena mawu opanda chithunzi. Ngati TV ili ndi bowo limodzi lokha la mawu, lowetsani yoyera, yofiira ingolendewera.

Kankhani pulagi iliyonse mpaka ilowe yonse, muipotoze pang'ono kuti igwire.

## 4. Ikani TV pa AV yoyenera

Yatsani zonse. Dinani batani lolembedwa AV, TV/AV, VIDEO, INPUT kapena SOURCE. Dinani kamodzi, mudikire masekondi angapo, kenako mudinenso. Ma TV akale amachedwa kusintha, ndipo munthu wodina mofulumira amadumpha AV yoyenera osazindikira. Mabowo akutsogolo kapena am'mbali nthawi zambiri amakhala AV2 kapena AV3.

Ngati rimoti inasowa, onani mabatani apansi pa galasi, mwina obisika m'kachitseko. Pa ma TV ena AV imapezeka mukatsitsa matchanelo mpaka kupitirira 1 kapena 0.

Musaike chimbale kaye. DVD yabwino imaonetsa chithunzi chake cholandirira, chokhala ndi dzina la kampani, ngakhale mulibe chimbale. Chimenecho ndicho muziyesera.

## 5. Yesani chingwe, chotsani dzimbiri

Zingwe zotchipa zimaduka mkati, pakhosi pa pulagi, kunja zikuoneka zabwinobwino. Simufunika kugula china kuti mudziwe. Zimitsani, zulani yachikasu mbali zonse ziwiri, mutenge yofiira muilowetse pamabowo achikasu, ku DVD ndi ku TV. Zingwe zitatuzi zimagwira ntchito mofanana poyesera. Chithunzi chikabwera, ndiye kuti yachikasu ija inaduka. Gulani chingwe china chonenepako ndiponso chachifupi. Chachitali mopitirira chimafooketsa chithunzi.

Kwa amene muli m'mphepete mwa nyanja, ku Makawa, ku Monkey Bay, ku Makanjira, ngakhale kufupi ndi Malombe, yang'anitsitsani chitsulo cha mabowo. Chinyezi cha nthawi ya mvula chikakumana ndi fumbi la m'chilimwe, chitsulocho chimachita dzimbiri kapena chimada. Zikatero chithunzi chimaphethiraphethira, mitundu imabwera n'kuchoka, ndipo mukagwedeza pulagi chimasintha. Zulani kumagetsi, nyowetsani thonje ndi spiriti pang'ono, pukutani kunja kwa bowo ndi msonga ya pulagi, mudikire ziume. Madzi ayi, mafuta ophikira ayi.

Ngati bowo lenilenilo likugwedera mukalikhudza, ndiye kuti lamasuka mkati. Gwiritsani ntchito AV ina, kapena mupite kukawotchetsa kwa mmisiri.

## 6. Chakuda ndi choyera, kapena chothamanga: ikani pa PAL

Ngati mabowo ali bwino koma mitundu palibe, kapena chithunzi chikugudubuzika kukwera m'mwamba, nkhani ndi iyi. Pali njira ziwiri zazikulu zotumizira chithunzi ku TV zakale. PAL, ya mizere 625 yophethira ka 50 pa sekondi, ndi ya ma TV akale a kuno, a ku South Africa ndi a ku Britain. NTSC, ya mizere 525 yophethira ka 60, ndi ya ku America ndi ku Japan. TV yakale yodziwa PAL yokha ikalandira NTSC imalephera kuwerenga mitundu, ndipo ina imalepheranso kuimitsa chithunzi.

Chitani izi:

Dinani STOP kawiri, kapena tulutsani chimbale, chifukwa ma DVD ambiri salola kusintha zimenezi filimu ikusewera. Dinani SETUP pa rimoti ya DVD. Funani polembedwa TV System, TV Type kapena TV Standard. Mupeza PAL, NTSC ndi AUTO kapena MULTI. Sankhani PAL, dinani OK kapena ENTER, kenako SETUP kuti mutuluke.

Chenjezo langa lili pa AUTO. Anthu amaikonda poganiza kuti ikonza zonse yokha, koma AUTO imangotumiza zimene zili pa chimbale. Chimbale chikakhala cha PAL, zonse zili bwino. Mukaika cha NTSC, mitundu yathawa. Apa ndi pamene mumamva munthu akuti, “Dzulo imaonetsa bwinobwino, lero yayamba misala.” TV sinasinthe, chasintha ndi chimbale. Mukaika pa PAL, ma DVD ambiri amatembenuza okha chimbale cha NTSC kuti TV yanu ichimve. Mwina muona kakudukiza pang'ono anthu akamathamanga mufilimu, koma mitundu ikhalapo.

Marimoti ambiri a ma DVD otchipa ali ndi batani lolembedwa N/P kapena P/N. Limasintha pakati pa PAL, NTSC ndi AUTO popanda kulowa mu SETUP. N'lothandiza chithunzi chikamathamanga moti simungawerenge zilembo. Koma ndi lomwelinso limayambitsa vutoli, chifukwa mwana akalidina kamodzi zonse zasokonekera.

Ngati TV yanu ili ndi Colour System mu menu yake, imeneyo ikhale pa AUTO kapena PAL.

## 7. Mdima bii, kapena chithunzi chogawika pawiri

Ma DVD ali ndi katcheredwe kena kotchedwa Progressive Scan, kolembedwanso P-SCAN, 480p kapena 576p. TV yakale siikwanitsa. Kakayatsidwa, galasi limada, kapena mumaona zithunzi ziwiri zopapatiza zoyandikana, kapena mizere yopendekera yokhayokha, mawu akumveka bwino.

Chovuta n'chakuti simungaone menu kuti muzimitse. Tsegulani kachitseko ka chimbale, mukasiye kotsegula. Pa rimoti funani V-MODE, VIDEO, P-SCAN kapena I/P. Dinani kamodzi, muwerenge mpaka 5, muyang'ane pagalasi. Ngati palibe, dinaninso. Batani limeneli limazungulira njira zingapo, ndipo imodzi mwa izo ibweretsa chithunzi. Ngati rimoti ilibe batani lotere, nyamulani DVD, imene ndi yopepuka, mukailumikize ku TV yamakono kwa mnzanu, mukasinthire kumeneko.

Chithunzi chikabwera, lowani mu SETUP, pa Video Output musankhe CVBS kapena Interlace, ndipo Progressive ikhale OFF. Mukasochera, funani Default kapena Reset kuti DVD ibwerere mmene inachokera kufakitale, kenako muikenso pa PAL.

## 8. Ngati mabowo sakugwirizana n'komwe

TV ina ilibe bowo lachikasu, ili ndi la eriyo lokha. Pamenepa mukufunika kabokosi kotchedwa RF modulator. Mapulagi atatu a DVD amalowa m'kabokosiko, ndipo chingwe cha eriyo chimachoka pamenepo kupita ku TV. Kenako mumasaka tchanelo ngati mmene tinkasakira siteshoni, DVD ikusewera, mpaka chithunzi chipezeke, n'kusunga. Chithunzi chikamaoneka bwino koma mawu ali phokoso lokhalokha, sinthani Sound System pa TV kapena pa kabokosiko pakati pa I, B/G ndi D/K mpaka zigwirizane.

Ena amadutsitsa DVD mu makina akale a matepi a vidiyo kuti afike pa eriyo. Zimatheka, koma zimbale zambiri zoyambirira za kufakitale zili ndi chitetezo choletsa kukopera, chotchedwa Macrovision. Chikadutsa mu makina a tepi, chithunzi chimawala n'kuda, kuwala n'kuda, mosalekeza. Palibe chaonongeka. Chotsani makina a tepiwo pakati.

Ma TV ochokera ku Ulaya amakhala ndi bowo lalikulu lamakona la timano 21, la SCART. Gulani adaputa yake yokhala ndi mabowo atatu aja. Ngati ili ndi kaswichi ka IN ndi OUT, ku TV kakhale pa IN.

Ngati DVD ili ndi HDMI yokha, bowo lopyapyala lolumikizira ku ma TV amakono, mukufunika kabokosi kotembenuza HDMI kupita ku AV. Samalani pogula: kolembedwa HDMI2AV ndi kolembedwa AV2HDMI timafanana maonekedwe, koma kalikonse kamagwira mbali imodzi yokha. Inu mukufuna HDMI2AV. Kamafuna moto wa 5V wa pa USB, ndipo kaswichi kake kakhale pa PAL.

## 9. Anthu atalika ngati milongoti

Ili ndi losavuta. DVD ikuganiza kuti muli ndi TV yotambalala. Mu SETUP, pa TV Display kapena Aspect, chotsani pa 16:9. Sankhani 4:3 LB ngati mukufuna chithunzi chonse, chokhala ndi mipata yakuda pamwamba ndi pansi, kapena 4:3 PS ngati mukufuna galasi lidzaze koma m'mbali mudulidwe. Mipata yakudayo si matenda. Ine ndimasankha LB, chifukwa palibe chotayika.

## 10. Mizere yoyenda ndi zigamba za mitundu

Mukaona chimzere chakuda chopingasa chikukwera pang'onopang'ono, kawirikawiri pamodzi ndi kulira kwapansipansi mu sipika, gwero lake ndi magetsi. Lumikizani TV ndi DVD pa ekisitenshoni imodzi, ndipo furiji kapena fani zikhale pa soketi ina. Chingwe cha chithunzi chisapiringizane ndi zingwe za moto. Zulaninso eriyo kapena dikoda kwa kanthawi muone ngati mzerewo uchoka.

Amene mumaonetsa mavidiyo pogwiritsa ntchito jenereta, kapena sola ndi invata, vutoli mumalidziwa. Ma invata otchipa satulutsa moto wosalala ngati wa ESCOM, ndipo TV yakale imaonetsa zimenezo pagalasi. Isunthireni invata kutali ndi TV. Batire likamatha, chithunzi chimafupika m'mbali kapena chimapuma, kukula n'kuchepa. Zikafika apo zimitsani, musakakamize. Mukayesa pa magetsi a ESCOM n'kupeza kuti zonse zili bwino, mwadziwa kuti TV ndi DVD zilibe mlandu.

Zigamba zobiriwira kapena zofiirira pakona pa galasi zimabwera ndi maginito. Masipika akuluakulu amene timakonda kuika mbali ndi mbali mwa TV ali ndi maginito amphamvu. Asunthireni kutali, pafupifupi mita imodzi. Kenako zimitsani TV pakhoma kwa mphindi 30 kuti izizire, muyatsenso. Poyaka imalira kuti bvuu, ndipo pamenepo ikudzichotsa maginito yokha. Mwina mufunika kubwereza kangapo.

## 11. Timabokosi ndi kuima: onani chimbale

Chithunzi chikamasweka kukhala timabokosi, kuima, kapena kudumpha, chingwe chilibe mlandu. Vuto la chingwe limabweretsa chipwirikiti, mizere kapena kutha kwa mitundu. Timabokosi timachokera pa chimbale kapena pa diso lowerenga chimbale mkati mwa DVD. Pukutani chimbale ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira. Yesani chachiwiri. Zonse zikamakana, kapena pakalembedwa NO DISC, diso lachita fumbi kapena latopa.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno si kwamasewera, ndipo DVD imene yakhala pamwamba pa TV yotentha imayamba kuima filimu ikafika pakati. Ipatseni malo akeake opita mphepo. Kansalu koluka kaja kokongoletsera kachotseni zipangizo zikamayaka, mudzavundikire mukazimitsa.

Pakalembedwa Wrong Region, ndiye kuti chimbale ndi cha chigawo china cha dziko lapansi, chosiyana ndi cha DVD yanu. Malawi ili m'chigawo 5, South Africa ndi Ulaya m'chigawo 2, America m'chigawo 1. Ma DVD ambiri otchipa amasewera zonse, koma a makampani akuluakulu amasankha.

Za pa fulashi nazo zili ndi zake. Ma DVD akale ambiri amawerenga mafayilo a AVI ndi MPEG aang'ono, osati a HD. Mawu akamamveka popanda chithunzi, kapena pakalembedwa Unsupported, auzeni anyamata obena kuti mukukaonera pa DVD, akusinthireni fayilo.

## Pamene muyenera kusiyira mmisiri

Mukaona mzere umodzi wowala wopingasa pakati pa galasi, kwina konse kuli mdima, zimitsani msanga. Mbali yotambasula chithunzi yafa, ndipo mzerewo ukakhalitsa umasiya chipsera chosachoka. Chimodzimodzi mukamva fungo la kupsa, kuthetheka mkati, kapena ngati menu ya TV yomwe ikuoneka yopindika.

Chonde musatsegule kumbuyo kwa TV yamtunduwu. Mkati mwake mumakhala mphamvu yopitirira mavoti 20,000, ndipo ina imatsalira ngakhale mutazula kumagetsi.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kumenya TV m'mbali. Chithunzi chimabweradi nthawi zina, chifukwa pali polumikizira pomasuka, koma kumenya kulikonse kumawonjezera mng'alu. Funani pomasukapo.

Kuzula pokoka chingwe m'malo mogwira mutu wa pulagi. Umu ndi mmene yachikasu imadukira mkati.

Kupotokola mawaya awiri n'kumata ndi pepala la pulasitiki kuti chingwe chitalike. Mawu amapirira zimenezo, koma chithunzi chimachita mthunzi ndi mizere.

Kusinthanitsa dikoda ndi DVD pabowo limodzi tsiku lililonse mpaka bowo kugwedera. Ngati TV ili ndi AV imodzi, gulani kabokosi kosinthira ka mabatani, zonse zikhale zolumikizidwa.

Kugula DVD yakale pamsika popanda rimoti. Pafupifupi zonse zimene tafotokoza pa PAL, pa Progressive ndi pa 4:3 zimafuna rimoti, ndipo mabatani apamakina sangakulowetseni mu SETUP. Muuzeni wogulitsa ayiyatse muone, rimoti ili m'manja mwanu.

Kusiya zonse zili pa soketi magetsi akazima kapena kukamachita ziphaliwali. Magetsi pobwerera amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira, ndipo mphenzi imalowera pa eriyo. Zulani pulagi ya pakhoma ndi chingwe cha eriyo, ndipo magetsi akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike musanalumikizenso.